Kodi Mithridates Anali Mpulumutsi wa Agiriki Kapena Wokhetsa Magazi Chabe?

Mwana_wa_Mbiri
Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi funso limene likundisowetsa mtendere. Mithridates VI, mfumu ya ku Pontus, dziko limene linali m'mbali mwa Black Sea kumpoto kwa dziko la Turkey la masiku ano, anamenyana ndi Aroma nkhondo zitatu pakati pa zaka za 89 ndi 63 BC, ndipo Aroma anachita kutumiza akuluakulu a asilikali atatu otchuka, Sulla, Lucullus ndi Pompey, kuti athane naye. Masiku ano ndikuona anthu ambiri akumutamanda kuti anali mpulumutsi wa anthu oponderezedwa. Komatu munthu yemweyu ndi amene analamula kuti Aroma ndi ena onse ochokera ku Italy okhala m'chigawo cha Aroma chotchedwa Asia, kumadzulo kwa Turkey ya masiku ano, aphedwe tsiku limodzi m'chaka cha 88 BC, amuna, akazi ndi makanda omwe, ndipo olemba akale amati anafa anthu 80,000. Kodi munthu wotere ndi woyenera kutchedwa mpulumutsi? Funso langa lachiwiri ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mafumu onse achigiriki anagwa m'manja mwa Aroma pamene mafumu a ku Iran sanagwe?

Mphunzitsi_Wopuma
A Mwana_wa_Mbiri, zikomo pofunsa. Chaka cha 88 sitingachimvetse tikapanda kubwerera ku 133 BC, pamene Attalus III, mfumu ya ku Pergamon, anamwalira atalemba kuti ufumu wake wonse ukhale cholowa cha Aroma. Ufumu umenewo ndi umene unasanduka chigawo cha Asia. M'chaka cha 123 BC Gaius Gracchus anakhazikitsa lamulo lakuti ntchito yotolera msonkho m'chigawocho izigulitsidwa ku Roma kwa magulu a anthu achuma. Gulu likagula ntchitoyo linkalipira boma ndalama zimene agwirizana, ndipo chilichonse chimene lafinya pamwamba pake chinali phindu lake. Mzinda ukalephera kulipira unkakongola ndalama kwa Aroma omwewo pa katapila, ndipo ngongole ikakula anthu ankalandidwa minda, ena mpaka kugulitsidwa ukapolo. Zimenezi zinachitika kwa zaka zoposa 30 Mithridates asanafike.

Tisaiwalenso kuti nkhondo yoyamba sanaiyambe yekha. Nthumwi ya Aroma, Manius Aquillius, inaumiriza Nicomedes IV wa ku Bithynia kuti akafunkhe m'dziko la Pontus, popeza Nicomedes anali ndi ngongole yaikulu kwa Aroma amene anamubwezera pampando. Mithridates anayamba watumiza madandaulo, koma sanamumvere. Atapambana, anagwira Aquillius, namuyendetsa pabulu m'mizinda kuti anthu amuone, kenako ku Pergamon anamuthira golide wosungunula kukhosi. Chilango chimenechi chinali ndi uthenga kwa aliyense woona.

Nangondo
A Mphunzitsi, zonsezo ndi zoona, koma khanda la wamalonda wa ku Italy silinatolerepo msonkho kwa munthu aliyense.

Chiphaliwali
Mayi Nangondo, Mithridates analemba makalata, koma amene anagwira mipeni ndi anthu a m'mizindamo. Lamulo lotere silikanatheka tsiku limodzi m'mizinda yambiri chonchi, popanda wina kukaulula, chikhala kuti anthuwo analibe mkwiyo wawo wa nthawi yaitali.

Nangondo
Bambo Chiphaliwali, tiyeni tione zimene zinachitika m'mizindamo monga momwe Appian, wolemba mbiri wakale, analembera, kuti tisamangonena chiwerengero ngati tikuwerenga matumba. Ku Ephesus anthu anathawira m'kachisi wa Artemis n'kukupatira mafano, poganiza kuti palibe amene angakhetse magazi m'malo opatulika, koma anawakoka n'kuwapha. Ku Pergamon amene anathawira m'kachisi wa Asclepius anawalasa ndi mivi ali chigwirire mafano. Ku Adramyttium ena anathawira m'nyanja, koma anawatsatira m'madzi momwemo ndipo ana awo anawamiza. Ku Caunus anayamba kupha ana amayi awo akuona, kenako amayiwo, amuna pomalizira. Anthu a ku Tralles, posafuna kudetsa manja awo, analemba ganyu munthu wina wa ku Paphlagonia dzina lake Theophilus, amene ankadula manja a anthu okakamira mafano.

Ndipo mfumuyo sinangodalira mkwiyo wa anthu. Inalonjeza ufulu kwa kapolo amene aphe kapena kuulula mbuye wake, inalonjezanso kukhululukira theka la ngongole kwa amene aphe womukongoza, ndipo inaopseza ndi chilango aliyense wobisa munthu kapena kuika maliro. Cholinga chake chikuonekeratu. Mzinda umene wakhetsa magazi a Aroma sukanathanso kubwerera kwa Aroma, choncho unayenera kumamatira kwa iye mpaka mapeto. Anawamanga ndi mlandu, sanawamasule.

Chiphaliwali
Nanga Aroma anachita chiyani ku Epirus m'chaka cha 167 BC? Aemilius Paullus, amene olemba achiroma amamutama kuti anali munthu wodziletsa, anafunkha midzi ndi mizinda 70 n'kugulitsa anthu 150,000 ukapolo. M'chaka cha 146 BC Mummius anagwetsa mzinda wa Corinth, amuna anaphedwa, akazi ndi ana anagulitsidwa. Sulla atalanda Athens mu 86 BC analekerera asilikali ake kupha anthu mpaka magazi kuyenderera m'misewu, ndipo kuti apeze ndalama za nkhondoyo anatenga chuma cha m'makachisi a ku Delphi, Olympia ndi Epidaurus. Mbiri yonse imene tili nayo inalembedwa ndi Aroma kapena ndi Agiriki okhala pansi pa ulamuliro wa Aroma. N'chifukwa chake wina amatchedwa chilombo pamene winayo amatchedwa ngwazi.

Nangondo
Sindikuyeretsa Aroma. Funso limene lafunsidwa ndi la Mithridates, ndipo mlandu wa Paullus sufafaniza mlandu wake.

Mlendo_ku_Britain
Ndiloleni ndionjezere chinthu chimene ndinaona ndi maso m'nyumba ina yosungiramo zinthu zakale kuno, chifukwa chikuthandiza kumvetsa mmene mfumuyi inkadzionetsera kwa anthu. Inali ndalama yake yasiliva. Mbali imodzi kuli nkhope yopanda ndevu, tsitsi lalitali likuuluka cham'mbuyo ngati la munthu wothamanga pahatchi, atamanga kansalu kachifumu pamutu, zonsezi potengera zithunzi za Alexander Wamkulu. Mbali inayo kuli nyama yonga mbawala ikudya msipu, pambali pake pali nyenyezi ndi mwezi, chizindikiro cha banja lachifumu la Pontus, ndipo mawu onse ndi a m'Chigiriki. Iye ankanena kuti kuchimuna ndi mdzukulu wa Cyrus ndi Darius, mafumu a Aperisiya, pamene kuchikazi ndi wa mbumba ya Alexander ndi Seleucus. Kwa Agiriki a m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja anali Alexander watsopano, ndipo kwa anthu a kumtunda, amene ankapembedza pamapiri poyatsa moto waukulu, anali mfumu ya makolo awo. Pliny analemba kuti ankaweruza milandu m'zilankhulo 22 popanda womasulira. Munthu wotere ankadziwa bwino chimene mtundu uliwonse ukufuna kumva.

Katekisiti_wa_Kumudzi
Pepani ngati ndikupatuka pang'ono, koma ife owerenga Baibulo nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife monga ambiri amaganizira. Pa tsiku la Pentekoste, m'chaputala 2 cha Machitidwe, mwa anthu amene anamva atumwi muli Aparti, Amedi, ndi a ku Pontus ndi Asia. Aquila, mwamuna wa Priscilla, anali mbadwa ya ku Pontus.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi cha Antiochus IV, mfumu yachigiriki ya ku Syria, uja wa m'mabuku a Amakabeo. Iyeyu anakhala zaka zambiri ku Roma ngati chikole bambo ake, Antiochus III, atagonja. M'chaka cha 168 BC, ali pafupi kulanda Egypt yense, anakumana ndi nthumwi ya Aroma, Popillius Laenas, kunja kwa Alexandria. Nthumwiyo inamupatsa kalata yomulamula kuti achoke. Mfumu itanena kuti iyambe yafunsa nduna zake, Popillius anatenga ndodo n'kujambula mzere pansi kuzungulira pamene mfumuyo inaima, n'kunena kuti iyankhe isanatuluke mu mzerewo. Antiochus anavomera, nachoka ndi gulu lake lonse la nkhondo. Chaka chotsatira ndi pamene anadetsa kachisi ku Yerusalemu, ndipo kuukira kwa Amakabeo kunayamba. Ambiri omasulira Malemba amati zombo za ku Kitimu zotchulidwa pa Danieli 11:30 zikunena za nthumwi imeneyi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Yuda Makabeo anatumiza anthu ku Roma kukapangana nawo ubwenzi kuti amuteteze kwa mafumu achigiriki. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 63 BC, chaka chomwecho chimene Mithridates anafa, Pompey analanda Yerusalemu nalowa m'malo opatulikitsa a kachisi.

Mphunzitsi_Wopuma
A Katekisiti, simunapatuke konse, mwatifikitsa pa funso lachiwiri lija. Zimene Yuda anachita ndi zimene pafupifupi ufumu uliwonse wa kum'mawa unachita, ndiko kuitana Aroma kuti adzathandize kugwetsa mnansi. Pamene Philip V wa ku Macedonia ankagonja pa Cynoscephalae mu 197 BC, Agiriki a ku Aetolia anali kumbali ya Aroma, ndipo Antiochus III sanamuthandize. Pamene Antiochus III anabwera, Philip anathandiza Aroma kudutsa m'dziko lake. Pa Magnesia, mu 190 BC, amene anaswa mbali imodzi ya gulu la nkhondo la Antiochus ndi Eumenes II wa ku Pergamon, ndipo panyanja zombo za ku Rhodes ndi zimene zinathandiza kwambiri. Pangano la ku Apamea la mu 188 BC linalamula Antiochus kuti achoke m'dera lonse la kumadzulo kwa mapiri a Taurus, apereke njovu zake zankhondo, atsale ndi zombo zochepa, ndipo alipire matalente 15,000. Talente imodzi inali siliva wolemera makilogalamu pafupifupi 26. Chaka chotsatira anaphedwa akufunkha kachisi ku Elymais pofunafuna chuma. Nanga abwenzi aja anapindula mpaka liti? Perseus, mwana wa Philip V, atagonja pa Pydna mu 168 BC, Aroma anayamba kukayikira Eumenes mpaka kukana kumulandira ku Roma, ndipo anafooketsa malonda a Rhodes pochotsa msonkho pa doko la Delos.

Chifukwa chachiwiri ndi chiwerengero cha asilikali. Polybius analemba kuti mu 225 BC Aroma ndi ogwirizana nawo a ku Italy anali ndi amuna oposa 700,000 otha kumenya nkhondo pansi, osawerengera okwera pahatchi. Iwo ankatha kutaya gulu lonse la nkhondo, monga zinachitikira pa Cannae mu 216 BC, n'kusonkhanitsa lina. Mfumu yachigiriki inali ndi gulu limodzi la asilikali ophunzitsidwa bwino, ambiri olembedwa ndi ndalama, ndipo likaphwasuka masana amodzi ufumu wonse unkagwada. Pyrrhus, mfumu ya ku Epirus, anaziona zimenezi kale mu 280 ndi 279 BC, pamene anagonjetsa Aroma kawiri koma n'kutsala wopanda mphamvu. Apa m'pamene Mithridates amasiyana ndi anzake onse, chifukwa iye ankagonja n'kudzukanso. Akuluakulu ake atagonja pa Chaeronea ndi pa Orchomenus mu 86 BC anapangana mtendere ku Dardanus mu 85, nabwerera kwawo kukakonzekanso. Lucullus atamuthamangitsa m'dziko lake, anathawira kwa mkamwini wake Tigranes wa ku Armenia, ndipo mu 67 BC, ali ndi zaka pafupifupi 70, anabwerera n'kuphwanya gulu la Aroma pa Zela.

Namondwe
Za Aparti, amene ankalamulira Iran pa nthawiyo, ndiyankhe ine. Mafumu achigiriki ankamenya nkhondo imene Aroma ankaidziwa, ya asilikali oyenda pansi oima mizere, pamene Aparti anakana kumenya nkhondo yotere. Mu 53 BC Crassus, munthu wolemera kwambiri ku Roma, anaoloka mtsinje wa Euphrates ndi asilikali pafupifupi 40,000 popanda chifukwa chomveka kupatula kufuna ulemerero wonga wa Pompey ndi Caesar. Mfumu ya Armenia inamulangiza kuti adzere njira ya kumapiri kumene mahatchi sangathamange bwino, koma iye anasankha chigwa chouma. Pafupi ndi Carrhae anakumana ndi Surena, mkulu wa asilikali a mfumu Orodes II, amene anali ndi okwera pahatchi pafupifupi 10,000 okha. Mwa iwo 1,000 anavala zitsulo thupi lonse pamodzi ndi mahatchi awo, ndipo otsalawo anali oponya mivi. Aroma akathithikana kuti adziteteze ku mikondo ya ovala zitsulo, mivi inkawagwera ngati mvula. Akati awathamangitse, oponya miviwo ankathawa uku akutembenuka pahatchi n'kumalasa cham'mbuyo. Aroma ankadikira kuti miviyo ithe, koma Surena anali atabweretsa ngamila zonyamula mivi ina. Publius, mwana wa Crassus, anathamangitsa adaniwo ndi gulu lake, anazingidwa kutali ndi anzake, ndipo mutu wake anaubweretsa atausomeka kumkondo bambo ake akuona. Anafa Aroma pafupifupi 20,000, ena 10,000 anagwidwa, ndipo Crassus anaphedwa pa zokambirana. Mbendera za magulu awo zinakhala m'manja mwa Aparti mpaka 20 BC, pamene Phraates IV anazibweza kwa Augustus mwa pangano, osati mwa nkhondo. Mark Antony anayesanso mu 36 BC ndipo anabwerako atataya asilikali ambirimbiri.

Wosanthula_Bwino
A Namondwe mwafotokoza bwino, koma njira ya kamenyedwe siikwanira kuyankha funsoli. Aroma anaphunzira kulimbana nayo, ndipo Ventidius anagonjetsa Aparti mu 38 BC n'kupha Pacorus, mwana wa mfumu. Trajan analanda likulu lawo, Ctesiphon, mu 116 AD, ndipo mzindawo unalandidwanso kawiri zaka 100 zisanathe. Chimene Aroma analephera ndi kukhazikika kumeneko. Mtima wa ufumuwo unali kuseri kwa mapiri a Zagros, kutali ndi nyanja ya Mediterranean imene Aroma ankadalira ponyamula chakudya cha asilikali, ndipo mphamvu zinali m'manja mwa mabanja akuluakulu ambiri, kotero kuti kulanda likulu sikunathetse nkhondo.

Tisiyanitsenso Aparti ndi Aperisiya. Onse ndi a ku Iran, koma banja lachiperisiya la Sasan linalanda ufumu kwa Aparti mu 224 AD pansi pa Ardashir I. Mwana wake, Shapur I, ndi amene anagwira mfumu ya Aroma, Valerian, wamoyo pafupi ndi Edessa mu 260 AD, ndipo anasemetsa chithunzi cha kupambanako pathanthwe ku Naqsh-e Rostam, pamene chikuonekabe mpaka lero.

Chiphaliwali
Chimene chimandipweteka ine n'chakuti Mithridates anapempha Aparti kuti amuthandize iye ndi Tigranes, ndipo anakana. Phraates III anasankha kugwirizana ndi Pompey mu 66 BC, akuganiza kuti Euphrates akhala malire olemekezedwa. Zaka 13 zokha zitadutsa, Crassus anali ataoloka mtsinje womwewo. Mithridates yekha ndi amene anaona kuti Aroma akudya mafumuwo mmodzimmodzi. N'chifukwa chake anapangana ndi Sertorius, Mroma wopanduka amene anali ku Spain, komanso ndi achifwamba a panyanja.

Namwino_wa_Usiku
Ine ndingofunsa za poizoni. Kodi n'zoona kuti ankamwa poizoni pang'onopang'ono kuti thupi lake lizolowere? Ndikufunsa chifukwa pa ntchito yanga ndikudziwa kuti mitundu yambiri ya poizoni thupi siliizolowera, imangounjikana n'kuononga chiwindi ndi impso, ndipo sindikufuna kuti wina wowerenga pano aganize kuti ndi nzeru yoyesera.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi Namwino, chenjezo lanu n'loyenera. Olemba akale ndi amene amanena zimenezi, ndipo mantha ake anali ndi maziko, chifukwa bambo ake, Mithridates V, anaphedwa ku Sinope cha m'ma 120 BC ndi anthu a m'nyumba yawo yomwe, iye akadali mnyamata. Amati tsiku lililonse ankamwa mankhwala osakaniza ndi tizigawo ta poizoni, ndipo ankayesa mankhwala ake pa akaidi oweruzidwa kuti aphedwe. Pompey atapeza zolemba zake za mankhwala analamula kuti zimasuliridwe m'Chilatini. Mu 63 BC, ali ku Panticapaeum, kumene lero ndi Kerch ku Crimea, mwana wake Pharnaces anamuukira pamodzi ndi asilikali. Appian amati ana ake aakazi awiri amene anamwa naye poizoni anafa nthawi yomweyo, koma iye sanafe, mpaka anapempha msilikali wake wa mtundu wa anthu a ku Gaul, dzina lake Bituitus, kuti amubaye ndi lupanga. Pompey analamula kuti mtembo wake uikidwe mwaulemu m'manda achifumu.

Nangondo
Bambo Chiphaliwali, mukuti iye yekha ndi amene anaona patali. Ndikuvomereza kuti anali wochenjera. Koma tifunse Agiriki amene anawapulumutsawo kuti zinawathera bwanji. Mu 86 BC, nkhondo itayamba kumuvuta, anakayikira anthu a pachilumba cha Chios. Anatumiza Zenobius, amene anawalanda zida, anatenga ana a akuluakulu ngati chikole, nawalipiritsa matalente 2,000. Anthuwo anasonkhanitsa ndalamazo mpaka kupereka zodzikongoletsera za akazi awo ndi ziwiya za m'makachisi, koma Zenobius ananena kuti sikelo siinakwane, nawakweza m'zombo onse, amuna paokha akazi ndi ana paokha, kupita nawo ku Black Sea. Anthu a ku Ephesus, omwe aja amene anapha Aroma zaka ziwiri m'mbuyomo, atamva zimenezi anagwira Zenobius n'kumupha. Atsogoleri a ku Galatia anaphedwa pamodzi ndi mabanja awo, ena ali paphwando. Anthu ena pafupifupi 1,600 anaphedwa powaganizira chiwembu.

Ndipo taonani za m'nyumba mwake. Anapha mchimwene wake, mkazi wake woyamba amene analinso mlongo wake, ndi ena mwa ana ake aamuna. Atagonja kwa Lucullus pa Cabira anatumiza mdindo wake Bacchides ku Pharnacia kuti akazi ake ndi alongo ake afe Aroma asanawagwire. Plutarch amafotokoza za Monime, mtsikana wachigiriki amene anakana golide wa mfumuyo mpaka itavomera kumukwatira mwalamulo. Tsiku limenelo anavula kansalu kachifumu pamutu pake kuti adzimangirire, kansaluko kanaduka, ndipo anapereka khosi lake kwa Bacchides. Alongo awiri a mfumuyo, Roxana ndi Statira, anali ndi zaka pafupifupi 40 ndipo anali osakwatiwa. Anthu amenewa sanali Aroma.

Mwana_wa_Mbiri
Mayi Nangondo, nkhani ya Chios sindinkaidziwa, ndipo yandilemera kuposa zina zonse. A Mphunzitsi, nanga mizinda ya Asia ija inaona zotani Aroma atabwerera?

Mphunzitsi_Wopuma
Inalipira yokha, pamene mfumu imene inalemba makalata aja inabwerera ku Pontus ili ndi ufumu wake. Sulla anali pachangu chopita ku Italy kukamenyana ndi adani ake a kwawo, choncho analola Mithridates kupereka zombo ndi ndalama zochepa, koma mizinda ya Asia anailipiritsa matalente 20,000. Analamulanso kuti asilikali ake agone m'nyumba za anthu nyengo yonse yozizira, ndipo mwininyumba azipatsa msilikali ndalama tsiku lililonse, chakudya cha iye ndi alendo ake, ndipo akuluakulu a asilikali azipatsidwanso zovala. Mizinda inakongola kwa akatapila achiroma, inapinyolitsa mabwalo a zisudzo, mabwalo a masewero ndi madoko. Plutarch amati pofika nthawi ya Lucullus ngongoleyo inali itakwera kufika matalente 120,000, ngakhale mizindayo inali itabweza kale kuwirikiza kawiri zimene inakongola, ndipo makolo ankagulitsa ana awo.

Amene anachepetsa katunduyu ndi Lucullus, cha m'ma 70 BC. Analamula kuti chiwongoladzanja chisapitirire 1 peresenti pamwezi, anafafaniza chiwongoladzanja chilichonse choposa ndalama imene munthu anakongola, ndipo analetsa wokongoza kutenga zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene wangongole amapeza. Zaka zinayi zisanathe ngongole zinatha ndipo minda inabwerera kwa eniake. Anthu achuma a ku Roma sanamukhululukire. Anagwiritsa ntchito ndalama zawo kumuipitsira mbiri kuti akutalikitsa nkhondo dala, asilikali ake nawonso anali atatopa naye, ndipo mu 66 BC lamulo la Manilius linapereka nkhondoyo kwa Pompey.

Chiphaliwali
Ndiye kuti ngongole imene Lucullus anachotsa ndi yomwe Sulla anaika, ndipo anthu a ku Asia anaisenza zaka 15. Mayi Nangondo, za Chios sindingazitsutse, koma ndikadakhala munthu wa ku Ephesus mu 88 BC, minda yanga ili m'manja mwa amisonkho, ndikukhulupirira kuti ndikadatsegulira Mithridates chipata.

Nangondo
Kutsegula chipata n'kwina, kukoka mayi ndi mwana wake m'kachisi n'kwinanso. Anthu a ku Rhodes anatseka zipata zawo, analandira amene anathawa, ndipo Mithridates atabwera ndi zombo zake analephera kulanda mzindawo.